Za Mankhwala a Nthenda ya Chiwindi ndi Kuonongeka kwa Magazi

Anthu a ku Chileka ndi a ku Lirangwe amaidziwa bwino nthenda ya chikasu. Munthu akayamba kuoneka maso achikasu, mkodzo wake nukhala wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, abale ake amati chiwindi chadwala, ndipo kawiri-kawiri amakhala atalasa. Koma si chikasu chonse chimene chimachokera ku chiwindi. Chiripo china chimene chimabwera chifukwa magazi alikuphwanyika m'kati mwa thupi, ndipo madotolo anapeza kuti ena mwa mankhwala amene ankachizira chiwindi ndiwo ankautsa bvuto limeneli mwa odwala owerengeka.

Nkhani yotere ikamveka mwatheka m'mudzi imabala mantha, ndipo munthu amene anayenera kumwa mankhwala amangowatsomeka kudenga. Chifukwa chake nkwabwino kuti anthu odziwa kuwerenga, makamaka aphunzitsi, aimve yonse: mankhwalawo anali ati, ankaononga magazi motani, m'malo mwake munalowa ati, ndipo wodwala wa lero ayenera kuchenjera ndi chiani.

TIZIROMBO TA CHIWINDI

Chiwindi chiri ku mbali ya kumanja ya mimba, kunsi kwa nthiti. Nchito zake nzambiri. Chimasunga chakudya, chimasefa zoipa m'magazi, chimapanga ndulu, ndiponso chimapanga zina mwa zinthu zothandiza magazi kuundana munthu akatemeka. Chingathe kutupa chifukwa cha kachasu ndi mowa wina, chifukwa cha mankhwala ena, kapena chifukwa cha tizirombo tochepetsetsa timene sitioneka ngakhale pa galasi lokuza zinthu la ku chipatala. Kutupa kwa chiwindi madotolo amakutcha hepatitis, ndipo tizirombo take anatipatsa maina a zilembo. Timene timasautsa kwambiri pokhalitsa m'thupi zaka zambiri ndi ta Hepatitis B ndi ta Hepatitis C.

Chizindikiro cha kachirombo ka B m'magazi chinapezedwa ndi Dr. Baruch Blumberg wa ku America m'chaka cha 1965, ndipo kachirombo ka C kanadziwika m'chaka cha 1989. Ka B kamachoka kwa mai kupita kwa mwana pa nthawi yobadwa, kamafala pakati pa ana aang'ono, ndiponso pogonana. Tonse tiwiri timayenda ndi magazi, monga pamene lezala limodzi latemera mphini anthu angapo, kapena singano imodzi ya jekeseni yabaya anthu awiri. Munthu angathe kukhala nako zaka makumi awiri osamva kanthu, pamene chiwindi chirikuuma ndi kukhwinyata pang'ono-pang'ono. Mapeto ake kwa ena ndi mimba yodzala madzi, kusanza magazi, kapena khansa ya chiwindi.

Pakati pa 2016 ndi 2018 ofufuza a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome anayeza anthu oposa 6,000 ku Ndirande, mu mzinda wa Blantyre. Anapeza kuti mwa akulu 100 ali onse, pafupi-fupi 5 anali ndi kachirombo ka B. Ka C nkosowa kuno: sikafika munthu mmodzi mwa 100. Ndirande sali kutali ndi Chileka kapena Lirangwe, ndipo anthu a madera amenewa amayenderana, kugulitsana malonda ndi kukwatirana. Motero nkhaniyi si ya anthu a m'tauni okha.

ZIMENE ZIRI M'MAGAZI

Kuti bvuto la mankhwala limveke, ayenera kuyamba adziwika magazi eni ake. Magazi amaoneka ngati madzi ofiira chabe, koma m'kati mwake mumayenda tinthu ta mitundu itatu, tonse topangidwa m'mafuta a m'mafupa.

Toyamba ndi timibulu tofiira, timene ana a sukulu amatitcha maselo ofiira. Timeneti timasenza mpweya wabwino kuchokera m'mapapo kukagawira ziwalo zonse. Kambulu kamodzi kamakhala masiku pafupi-fupi 120, ndipo kakakalamba kamaphwanyidwa m'kapamba, chiwalo chija chimatupa mwa ana odwala-dwala malungo. Pophwanyikapo pamatuluka utoto wachikasu umene chiwindi chimautaya pamodzi ndi ndulu.

Tachiwiri ndi tizidutswa tochepa koposa, timene madotolo amatitcha mapulateleti. Nchito yake ndi yomata. Munthu akadzitema ndi khasu, tizidutswato timathamangira pa bala ndi kutseka pobooka, monga amachitira mai pomata mtsuko wothonya. Timangokhala masiku 7 kufikira 10. M'kadontho kakang'ono kamene a labotale amayesera, munthu wa moyo wabwino amakhala nato pakati pa 150,000 ndi 450,000.

Tachitatu ndi timibulu toyera, timene anthu anazolowera kutitcha asilikali a m'thupi. Asilikaliwa akaona mdani, ena mwa iwo amasula timibvi tosaoneka timene timakakanirira pa mdaniyo. Chiri chonse chimene chapezeka ndi timibvi pathupi pake chimagwidwa ndi kuonongedwa. Mwambo waukulu wa asilikali amenewa ngwakuti adziwe kusiyanitsa mlendo ndi mwini mudzi. Mwambowu ukasokonekera, amayamba kulasa zinthu za thupi lomwe amalilonda. Nthenda zotere madotolo amazitcha autoimmune, ndiko kunena kuti chitetezo cha thupi chaukira mwini wake.

JEKESENI YA INTERFERON

M'chaka cha 1957, ku London, akatswiri awiri, Alick Isaacs ndi Jean Lindenmann, anapeza chinthu chimene thupi limatulutsa likalowedwa ndi tizirombo ta mtundu umenewu. Anachitcha interferon. Chimagwira nchito ngati mfuu ya m'mudzi: chikamveka, asilikali onse amadzambatuka. Patapita zaka, anthu anaphunzira kuchipanga m'mafakitale, ndipo m'chaka cha 1991 dziko la America linabvomereza kuti chizichizira Hepatitis C. Chaka chotsatira linachibvomerezanso pa Hepatitis B. Mu 1998 anayamba kuchiphatikiza ndi mapiritsi ochedwa ribavirin, ndipo kuyambira 2001 kunabwera mtundu wokhalitsa m'thupi, wobaya kamodzi pa mlungu. Wodwala Hepatitis C ankabayidwa milungu 24 kapena 48, ndipo pa mtundu wouma mutu wa kachiromboko ankachira pafupi-fupi theka la odwala.

Akulu akale anati walira mvula walira matope. Jekeseni imeneyi inapulumutsa anthu ambiri, koma inali ndi matope ake. Ambiri ankamva kuphwanya m'thupi ndi kutentha ngati agwidwa ndi chimfine chachikulu, ena ankakhala okhumudwa, ndipo mwa ambiri mafuta a m'mafupa ankachita ulesi kupanga magazi atsopano. Izi madotolo ankaziyembekezera, ndipo akachepetsa muyeso wa mankhwala zinkakhala bwino. Choopsa chinali china, chimene chinkagwera anthu ochepa. Mlimi akamasula agalu ake onse kuti apirikitse anyani m'munda, nthawi zina galu mmodzi wotentheka amasiya anyani nayamba kuluma mbuzi za pakhomo. Chimodzi-modzi asilikali odzutsidwa ndi interferon: mwa odwala ena ankalasa chithokomiro, ndipo mwa ena ankalasa magazi.

NJIRA ZIWIRI ZIMENE MAGAZI AMAONONGEKERA

Njira yoyamba ndi pamene timibvi takakamira pa timibulu tofiira. Kapamba amatigwira ndi kutiphwanya tisanakalambe, mofulumira koposa m'mene mafupa angapangire tatsopano. Wodwala amayera zikhatho, lilime ndi kunsi kwa zikope. Amatopa msanga, amachita chizungulire, mtima umagunda mothamanga, ndipo kamtunda kamene ankakwera ndi mtolo wa nkhuni kamamuthetsa mpweya. Popeza timibulu tambiri taphwanyika nthawi imodzi, utoto wachikasu uja umachuluka kotero kuti chiwindi sichitha kuutaya wonse. Maso amasanduka achikasu ndipo mkodzo umada. Apa ndi pamene pali msampha, pakuti abale amaganiza kuti nthenda ya chiwindi ija yakula, chonsecho bvuto liri m'magazi. Njira yodziwira zoona inapezedwa ku England m'chaka cha 1945 ndi Robin Coombs ndi anzake. Kuyeza kumeneku, kumene kumachedwa ndi dzina lake, kumaonetsa ngati pa timibulu tofiira pali timibvi ta thupi lomwelo.

Njira yachiwiri ndi pamene timibvi talasa tizidutswa tomata tija. Tikachepa, magazi saleka msanga. Munthu amadwala kamfuno wosamva kutsina mphuno, nkhama zimatuluka magazi potsuka mkamwa, pakhungu pamatuluka timadontho tofiira ngati wabayidwa ndi nsonga ya singano, makamaka m'miyendo, ndi mawanga akuda pamene sanamenyedwepo. Kwa amai, kumwezi kumachuluka ndi kutalika. Tizidutswato tikatsika kunsi kwa 10,000 kapena 20,000, magazi angathe kutayikira m'matumbo kapena mu ubongo, ndipo imeneyo ndi ngozi ya imfa.

Kuti choononga tizidutswati chimayenda m'magazi a wodwala, anatsimikiza ndi dotolo wachinyamata wa ku St. Louis, ku America, dzina lake William Harrington. M'chaka cha 1950 iye analola kuti amthire magazi a mai wodwala nthenda imeneyi. Patangopita maola ochepa tizidutswa take tinatsika koopsa ndipo anadwala kwambiri, koma patapita masiku angapo tinabwerera m'malo. Kulimba mtima kwake kunaphunzitsa madotolo kuti mafupa a odwala otere sali aulesi ai. Pali china chimene chirikuononga zimene mafupawo apanga.

Mapiritsi a ribavirin nawonso amaphwanya timibulu tofiira, koma mwa njira yosiyana. Iwo amaunjikana m'timibuluto ndi kutifooketsa, osati kudzera mwa asilikali. Magazi amatsika makamaka m'milungu inai yoyamba, ndipo dotolo akachepetsa muyeso amakweranso. Ribavirin amapundulanso mwana ali m'mimba, kotero mai woyembekezera sapatsidwa, ndipo mwamuna kapena mkazi amene wamwa amalangizidwa kupewa pathupi kwa miyezi ingapo atatsiriza.

MANKHWALA A MASIKU ANO

Interferon anali wokwera mtengo kwambiri, ankafuna kusungidwa pozizira ndiponso kuyeza magazi pafupi-pafupi, motero sanakhale mankhwala a zipatala zazing'ono za m'midzi. Tsopano pa Hepatitis C nthawi yake inatha. Kumapeto kwa 2013 kunabvomerezedwa mapiritsi a sofosbuvir, ndipo anatsatana ndi ena a mtundu womwewo, monga daclatasvir. Amenewa samema asilikali. Amalunjika pa kachirombo keni-keni ndi kukaletsa kuswana. Ambiri amamwa milungu 12, ndipo oposa 95 mwa 100 amachira. M'chaka cha 2018 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linalangiza kuti akulu onse opezeka ndi Hepatitis C azichizidwa ndi mapiritsi amenewa. Ribavirin amaonjezedwa kwa odwala ochepa okha, makamaka amene chiwindi chao chinaonongeka kwambiri.

Pa Hepatitis B, bungwe lomwelo linasankha mu 2015 mapiritsi a tenofovir kapena entecavir, omwa kamodzi pa tsiku. Awa sachotseratu kachirombo, koma amakapanikiza kuti chiwindi chipume, ndipo ambiri amamwa moyo wao wonse. Si ali yense wopezeka ndi kachirombo ka B amene amafunika kuyamba mapiritsi pomwepo. Dotolo ndiye amaona. Tenofovir si mlendo kuno. Alimo m'mbulu wa ma ARV umene anthu ambiri amalandira ku zipatala za Chileka, Lirangwe ndi kwina konse m'Malawi, pamodzi ndi lamivudine, amenenso amalimbana ndi kachirombo ka B. Chotero munthu amene ali ndi HIV ndi Hepatitis B akamamwa mbulu umenewu amachiza nthenda ziwiri pa nthawi imodzi. Chimene dotolo amayang'anira pa tenofovir makamaka ndi impso ndi mafupa, osati kuukira kwa asilikali. Interferon akuperekedwabe m'maiko ena kwa odwala osankhidwa a Hepatitis B ndi a mtundu wina wochedwa D, choncho munthu amene analandirako jekeseni imeneyi kunja kwa dziko anene kwa dotolo wa kuno.

Tanthauzo la zonsezi ndi lakuti mantha a jekeseni yakale asalepheretse munthu kuyezetsa kapena kumwa mapiritsi a lero. Ndiponso kachirombo ka C pa kokha, kopanda mankhwala ali onse, kangathe kusokoneza asilikali mpaka kulasa tizidutswa tomata, ndipo chiwindi chouma chimatupitsa kapamba amene amatsekera tizidutswato m'kati mwake. Kuthawa mankhwala tsono sikuteteza magazi.

ZOYENERA KUCHITA WODWALA

Kuchepa kwa magazi m'midzi ya Blantyre kumabwera kawiri-kawiri ndi malungo, njoka za m'mimba, likodzo, chakudya chosakwanira, uchembere wa pafupi-pafupi ndi HIV. Kuukira kwa asilikali nkosowa poyerekeza ndi zimenezi. Koma pakhomo palibe amene angathe kusiyanitsa ndi maso, ndipo safunsa anadya phula. Munthu amene alikumwa mankhwala a chiwindi, kapena ena ali onse a nthawi yaitali, apite ku chipatala tsiku lomwelo akaona chimodzi mwa izi:

1. Kuyera kwa zikhatho ndi lilime, pamodzi ndi kutopa kapena befu.
2. Maso achikasu amene angoyamba, kapena mkodzo wakuda.
3. Kamfuno kapena magazi a m'nkhama osaleka.
4. Timadontho tofiira kapena mawanga akuda pakhungu popanda kubvulala.
5. Chimbudzi chakuda ngati phula la pamseu, kusanza magazi, kapena mutu waukulu wodzidzimutsa.

Popita atenge buku lake la ku chipatala ndi mabotolo onse a mankhwala amene alikumwa, ndipo anenenso za mankhwala achikuda ngati wamwako. Asamwe aspirin kapena ibuprofen wa ku golosale, pakuti amenewa amaonjezera kutaya magazi. Asatemedwe mphini, chifukwa munthu wochepa tizidutswa tomata angathe kutaya magazi ambiri pa kabala kakang'ono. Chachikulu koposa: asaleke yekha mapiritsi a Hepatitis B kapena ma ARV. Tenofovir akasiyidwa mwadzidzidzi, kachirombo ka B kangathe kudzuka mwaukali ndi kutupitsa chiwindi mpaka munthu kufa. Woimitsa kapena kusintha mankhwala ndi dotolo yekha.

Pa chipatala chaching'ono, monga cha Chileka kapena cha Lirangwe, amayamba ayang'ana wodwala ndi kuyeza malungo. Akaona kuti nkhani yakula amamlembera kalata yopita ku chipatala chachikulu. Anthu a ku Lirangwe amadziwanso chipatala cha mishoni cha Mlambe ku Lunzu, pa mseu wa M1, ndipo nkhani zobvuta zimakathera ku Gulupu, ndicho chipatala cha Queen Elizabeth chimene chinatsegulidwa mu 1958. Wodwala akapatsidwa kalata yotere asayambe wabwerera kumudzi kukadikira kuti akolole kapena agulitse nandolo, pakuti magazi ophwanyika angathe kutsika kwambiri m'masiku ochepa.

M'MENE MADOTOLO AMACHIZIRA

Akatsimikiza kuti asilikali ndiwo alikuononga magazi, madotolo amachotsa mankhwala amene autsa bvutolo, ndipo kwa ena zimenezi zokha zimakwanira. Kwa ambiri amaperekanso prednisolone, mankhwala ogonetsa asilikali, amene amachepetsedwa pang'ono-pang'ono, osasiyidwa tsiku limodzi. Pano palinso pochenjera. Asilikali akagona, kachirombo ka B kamapeza mpata woswana. Nchifukwa chake wodwala ayenera kuuza dotolo ali yense kuti ali nako, kuti amteteze ndi mapiritsi ake pa nthawi imene alikumwa prednisolone.

Magazi akatsika kwambiri wodwala amathiridwa ena. Kupeza oyenera munthu wotere nkobvuta, chifukwa timibvi take timasokoneza kuyeza kwa ku labotale, ndipo abale asadabwe akaona kuti zikuchedwa. Magazi ambiri operekedwa m'zipatala amasonkhanitsidwa ndi bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003. Bungweli limayeza magazi onse kuti muone ngati mulibe HIV, Hepatitis B, Hepatitis C ndi chindoko. Magazi sagulidwa ku sitolo ndipo sapangidwa ku fakitale. Amachokera kwa anthu odzipereka, ambiri mwa iwo ophunzira a m'sukulu za sekondale ndi akhristu ndi asilamu a m'mipingo. Galimoto la bungweli likafika pa sukulu, mphunzitsi amene afotokozera ana ndi makolo bwino-bwino amathandiza odwala amene sadzawaona nkomwe.

KUTSEKA KHOMO NTHENDA ISANALOWE

Mwana amene sanatenge kachirombo sadzafuna mankhwala ake, ndipo sadzakumana ndi matope ake. Kuyambira chaka cha 2002 Boma la Malawi limapereka katemera wa Hepatitis B kwa makanda, wophatikizidwa m'jekeseni imodzi yoteteza nthenda zisanu, pa milungu 6, 10 ndi 14. Phindu lake linaoneka pa kufufuza kwa ku Ndirande kuja: mwa ana obadwa katemerayu atayamba, amene anapezeka ndi kachirombo anali pafupi-fupi 3 okha mwa 1,000, pamene akulu anali 5 mwa 100. Mai amene amaliza majekeseni onse atatu ku sikelo wamchitira mwana wake chinthu chachikulu. Hepatitis C alibe katemera; chitetezo chake ndicho kukana lezala ndi singano zobwerekana.

Akulu obadwa chisanafike chaka cha 2002 ndiwo ayenera kuganizira zoyezetsa, makamaka amai oyembekezera, anthu amene ali ndi HIV, ndi onse amene m'banja mwao wina anamwalira ndi nthenda ya chiwindi. Tsiku la 28 July, limene liri tsiku lobadwa la Dr. Blumberg, maiko amakumbukira nthenda imeneyi chaka ndi chaka. Mafumu, aphunzitsi ndi alangizi a zaumoyo angathe kuchita bwino kuwerenga nkhaniyi pa msonkhano wa m'mudzi kapena wa makolo pa sukulu, ndi kubwereza mfundo zitatu: amene sanayezetse akayezetse, amene ali pa mankhwala asawasiye yekha, ndipo amene wayera zikhatho, wachita chikasu kapena alikutaya magazi aperekezedwe ku chipatala dzuwa lisanalowe.